Oyilo wa m'Galimoto ya Anesi

Tsiku limenelo kunkagwa mvula yamawawa, ija yosanyowetsa msanga koma yosakata. Mipando yobwereka ya pamaliro inali itabwezedwa kwa eni ake, ndipo pabwalo panangotsala timaenje ta miyendo yake m'matope. Kalipentala anakhala pakhonde, maso ali pansi pa shedi pomwe pankaima galimoto ya mkazi wake. Galimotoyo panalibe. Kiyi nayenso pamsomali wa kuseri kwa chitseko panalibe.

Mwana wake wamkazi, amene m'nyumbamo ankangomuitana kuti Mzime, anabwera ndi tiyi. Kalipentala anamwako kamodzi n'kuika kapu pansi.

"Wathiramo chiyani?"

"Shuga, bambo. Masupuni atatu, monga munanenera."

"Amayi ako ankathira atatu. Sankatsekemera chonchi."

Mzime anayang'ana kumbali. Chiikireni maliro, tiyi aliyense amene mwanayo ankaphika ankakhala ngati uchi, ndipo akafunsidwa ankayang'ana kumbali komweko. Kalipentala anali atakalambira pa matabwa. Thabwa lopindika ankaliona lisanafike n'komwe pabenchi.

"Galimoto ili kuti?"

"Atenga amalume. Akuti akaionetse kwa makaniko wawo."

"Anapempha ndani?"

"Munali mutagona."

"Sindinagone."

Amalumewo anali mchimwene wa malemu, wamng'ono, munthu wogulitsa chilichonse chokhala ndi mawilo kapena chingwe cha magetsi. Kumanda analira kuposa onse, mpaka anthu kuchita kumugwira. Pobwerako, maso akadali ofiira, Kalipentala anamuona akuzungulira galimotoyo, akugogoda matayala ndi nsonga ya nsapato.

Galimoto ija inalowa pageti chakumasana. Mlamuyo anatsika kiyi ali kuchala, n'kukwera pakhonde akukutumula mvula pajekete.

"Alamu, mwaswera? Nkhani si yabwino ayi."

Anatulutsa kansanza m'thumba la pulasitiki n'kukayala patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi. Pakati pake panali banga lakuda bii.

"Oyilo wa m'giyabokosi ameneyo. Makala enieni. Makaniko wanga atangoona wagwira mutu, akuti, mayi ameneyu ankayenda ndi mapemphero basi. Zaka zonsezi osasintha!"

"Sasinthidwa," anatero Kalipentala. "Ndi wa moyo wonse."

"Eee, nyimbo yanu ija. Achemwali ankandidandaulira. Ndiye mverani tsopano. Mukamusiya, giyabokosi ifa chaka chisanathe. Mukamusintha, ifa sabata yomweyo, chifukwa litsiro lili m'oyilomo ndi lomwe likugwiriziza mano a magiya. Mukalitsuka, zonse zimayamba kuterereka. Uku ng'ona, uku mkango."

"Ndiye?"

"Ndiye timagulitsa ikadali kuyenda. Ndili naye munthu. Safunsafunsa zambiri. Mawa m'mawa ndibwera naye." Anatembenukira kwa Mzime. "Mphwanga, uwauze bambo akowa. Galimoto yoti iwo sayendetsa n'komwe, aziipukuta fumbi ngati kabati?"

Mzime anali kuyang'ana kansanza kaja. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Kiyi," anatero Kalipentala.

"Ndimati ndingogona nayo kwathu, kuti mawa…"

"Kiyi."

Mlamuyo anaseka, n'kuika kiyi patebulo. Mzime anamuperekeza kugeti ndi ambulera. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mitu itagundana, mawu ali pansi. Kalipentala anangomvako mawu amodzi okha, a mwana wake: "Osati lero." Osati lero chiyani?

Galimotoyo anaigula chaka chomwe Kalipentala anagwa padenga la nyumba ya eni, bondo lakumanzere n'kuuma. Mkazi wake, amene msewu wonse unkamuitana kuti Anesi chifukwa cha ntchito yake ya kuchipatala, anasankha ya otomatiki, yopanda kilatchi, kuti mwendo wopwetekawo uzipuma. Kalipentala anaiyang'ana n'kunena kuti galimoto yosintha yokha magiya ndi chidole cha ana. Sanaiyendetsepo. Ankakhala mpando wa pambali, matabwa ali padenga, n'kumauza mkazi wake pokhotera.

Koma ngakhale sankaiyendetsa, malamulo ake ankaika ndi iye. Patapita zaka zingapo Anesi anabwera ndi nkhani yoti madalaivala a ambulansi akuti oyilo wa m'giyabokosi amafunika kusintha, kaya buku la galimotoyo linene zotani. Kalipentala anakatenga bukulo, n'kuloza ndi chala pamzere wake. Anatsegulanso boneti n'kumuonetsa kapepala komata pa kachitsulo koyezera oyiloyo, konena zomwezo.

"Analemba izi ndi amene anaipanga. Madalaivala ako anapanga chiyani?"

"Chabwino, abambo," anatero Anesi, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Kalipentala anaiwerengera pa milandu yomwe anapambana. Inalipo yambiri yotero m'banja lawo, yothera pa "chabwino, abambo."

Mzime atabwerako kugeti anayamba kupinda mabulangete omwe anafunda alendo. Ankalankhula nsana uli kwa bambo ake.

"Achimwene anaimba. Akuti nawonso akuona kuti ndi bwino mupite nane kunyumba kwanga. Chipinda chilipo. Chipatala chili pafupi, kungowoloka msewu."

"Benchi yanga ikakwera bwanji masitepe ako?"

"Benchi ingathe kutsala."

"Ine n'kutsala nayo."

"Bambo, popanda galimoto mukhala bwanji kuno? Mankhwala anu azikakutengerani ndani? Matabwa muziwasenza pamutu?"

Apa m'pamene Kalipentala anaona momwe mabowo akumanirana ndi misomali yake. Galimoto ikapita, iyenso wapita. Mlamu apeza yake, ana apeza yawo, nyumba itsekedwa. Anatenga kansanza kakuda kaja n'kukaika m'thumba la malaya.

Anadikira mpaka Mzime atapita kukagula buledi. Kenako anatsika pakhonde, mwendo wouma uli kumbuyo, n'kulowa pansi pa shedi. Kachitsulo kotsegulira boneti anakafufuza nthawi yaitali, atawerama pansi pa chiwongolero. M'galimotomo munkanunkhirabe mafuta a m'manja a mkazi wake. Mpando unali utakankhidwira kumbuyo kwambiri ndi miyendo ya mlamu. Kalipentala anaubwezera kutsogolo, pomwe unkakhala.

Pansi pa boneti panali zitsulo zoyezera ziwiri. Anazula choyamba, cha mutu wachikasu, n'kuchipukuta pa mpango wake woyera. Banga lakuda, lofanana ndendende ndi la pakansanza ka mlamu. Anagwedeza mutu, akuganiza kuti mwina munthuyo ananena zoona. Koma chitsulo chimenecho chinalibe kapepala komata. Kapepalako kanali pa chachiwiri, cha mutu wofiira, chobisala kumbuyo kwa batire. Chachikasucho chinali cha injini.

Anazula chofiiracho n'kuchipukuta pa ngodya ina ya mpango.

Oyiloyo anali wofiira, woonekera kunsi, ngati mankhwala a chifuwa.

Kalipentala anaima pomwepo, mvula ikulira pamalata. Poyamba mtima unamuyera: mlamu wanama, ndipo buku linanena zoona. Oyilo wa moyo wonse, suyu apa ali bwinobwino? Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Palibe chinthu chomwe chimagwira ntchito zaka zonsezo n'kukhalabe chatsopano. Mpeni wa pulena yopalira matabwa umabuntha. Chogwirira cha hamala chimada ndi thukuta. Oyilo uyu sanali wa zaka zoposa khumi. Wina anali atamusintha, ndipo osati kale.

Ndani? Anesi sankapita kugalaja popanda iye kudziwa, kapena iye ankaganiza choncho. Anakumbukira masiku omwe mkaziyo ankachedwa kuweruka. Anakumbukira madalaivala a ambulansi aja, mmodzi wa iwo wamtali, woseka kwambiri, amene pamaliro ananyamula nawo bokosi osapemphedwa. Munthu akakubisira za oyilo, wakubisiranso chiyani? Maganizowo anamuchititsa manyazi, koma sanachoke m'mutu mwake.

Anayandikizitsa mpangowo kumphuno. Fungo lake linali lotsekemerako, lolasa pang'ono, ndipo ankalidziwa. Ankalidziwa bwino kwambiri, koma osati m'galimoto.

Anasiya boneti ili yotsegula n'kupita kuseri, kushopu yake.

Pa alumali wa pamwamba pa benchi panali botolo la pulasitiki, burashi yakale ili m'kati. Kwa zaka zambiri Anesi ankamubweretsera oyilo wakutha woti azipaka mizati ya shedi ndi matabwa a pansi kuti chiswe chisadye, komanso macheka kuti asachite dzimbiri. Ankabwera naye botolo limodzi, pakapita miyezi lina. Ankati amapempha kugalaja ya kuchipatala. Kalipentala anatsegula botololo n'kununkhiza. Ananunkhizanso mpango.

Anatuluka n'kuyang'ana mizati ya shedi umodziumodzi. Yomwe anapaka kalekale inali yakuda ngati yowauka ndi moto. Yapakati inali yoderako. Mzati womwe anauika chaka chatha, chimphepo chitagwetsa wakale, unali wofiirira ngati wopakidwa vanishi. Anakumbukira kuti anadandaulapo: oyilo wa masiku ano ndi wamadzi, wauze anzako aja akupatse weniweni. Ndipo mkazi wake anati, chabwino, abambo.

Mzime anamupeza atakhala pa benchi, botolo lili pakati pa mawondo.

"Bambo, mwasiya boneti yotsegula, mvula i…" Anaona mpango. Anaika buledi pa mulu wa matabwa.

"Ndani ankamuthandiza?"

"Palibe."

"Dalaivala wamtali uja?"

"Iii, bambo!" Mzime anaseka mosafuna, misozi n'kutuluka nthawi yomweyo. "Uja amaopa amayi ngati moto. Anamupezapo akusuta m'ambulansi. Dikirani."

Analowa m'nyumba. Anabwerako ndi chikwama chakale cha amayi ake cha kuntchito, chomwe chinkakhala pansi pa sinki kuseri kwa sopo. Anachitsegula pa benchi. Munali jakisoni wamkulu wopanda singano, kachubu kataliatali ka diripi kofiirira m'kati, kafanulo, ndi botolo la oyilo watsopano lomwe linali litafika pakati.

"Mukapita kukayeza zitseko kwa makasitomala, iwo ankalowetsa kachubuka m'bowo la chitsulo chofiira n'kumakoka oyilo ndi jakisoniyu. Likadzaza botolo limodzi, basi. N'kuthiramo watsopano wofanana ndi amene watuluka. Ndili pasukulu ndinkawagwirira fanulo."

"Botolo limodzi."

"Ankati zoti ukasintha yense nthawi imodzi giyabokosi imatha kuterereka, n'zoona. Ankati galimoto yokalamba ili ngati wodwala wokalamba, safuna kudzidzimutsidwa. Umamupatsa pang'onopang'ono, thupi osazindikira."

Kalipentala anatenga jakisoniyo. Manambala a pambali pake anali atafufutika pomwe pankagwira chala chachikulu.

"Ndipo wakutha ankandipatsa ine."

"Ankati akamutaya pansi aphetsa maluwa. Komanso ankati palibe malo abwino obisapo chinthu kuposa m'manja mwanu."

Pakamwa pa Kalipentala panagwedezeka pang'ono. Kenako nkhope inaumanso.

"Unaona kansanza ka malume ako. Unadziwa kuti n'kabodza. Unakhala chete."

"Anandilumbiritsa amayi kuti ndisadzakuuzeni."

"N'chokhacho?"

Mzime anatola kachidutswa ka thabwa n'kumakatembenuza m'manja.

"Kugeti ndinawauza amalume kuti oyilo uja si wa m'giyabokosi. Iwo akuti, ndiye ukufuna bambo ako atsale okha muno, adzapezeke patapita masiku atatu? Ine ndinangoti osati lero." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndaika amayi sabata ino, bambo. Sindikufuna kudzalandiranso foni ina ya maliro."

Mvula inali itachepa. Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'chidebe cha guluu chomwe chinaiwalika panja.

"Laisensi ndili nayo," anatero Kalipentala.

"Ya chaka chiti? Chithunzi chake muli ndi tsitsi."

"Ndimaikonzetsa."

"Kuti muziyendetsa chiyani?"

Kalipentala anabwezera jakisoni m'chikwama, n'kufunsa, maso ali pansi:

"Tiyi uja?"

Mzime anapumira m'mwamba. Anapitanso m'nyumba n'kubwera ndi kasupuni kakang'ono, konga kodyetsera khanda, chogwirira chake chopindika.

"Dokotala atakuuzani kuti muchepetse shuga, inu munati masupuni atatu mpaka kumanda. Iwo anati chabwino. Anangoyamba kugula masupuni. Chaka chilichonse yocheperako. Aka ndi komaliza. Kanasowa m'chipwirikiti cha maliro, ndakapeza dzulo m'thumba la epuloni yawo."

"Ndiye n'chifukwa chiyani lero unathira ndi yaikulu?"

"Mumandiyang'anitsitsa pothira. Iwo simunkawayang'ana."

Kalipentala anaika kasupuniko pachikhatho. Kanali kopepuka ngati kachidutswa kopalidwa ndi pulena. Anakhala akukayang'ana nthawi yaitali, kenako anakaika m'thumba la malaya, momwe munali kansanza ka mlamu.

M'mawa mwake kunacha kopanda mvula. Mlamu anafika ndi munthu wake, mwamuna wonenepa wa magalasi akuda, amene analunjika kugalimoto asanapereke n'komwe moni. Kalipentala anawadikira pansi pa shedi, boneti ili yotsegula. Pamwamba pa batire anali atayala nsalu ziwiri, kansanza kakuda ndi mpango wake.

"Alamu, mwadzuka? Ndabwera naye uja."

Kalipentala anazula chitsulo chofiira, n'kuchipukuta pa mpango pamaso pawo, n'kuchibwezera.

Mlamuyo anayang'ana banga lofiiralo. Anayang'ana Mzime, amene anali ataima pakhonde manja atapinda.

"Aaa. Ndiye kuti makaniko uja anazula cholakwika. Ana a masiku ano, alamu, mowa. Ndikamukalipira. Komabe nkhani ndi yomweyo, galimoto yakalamba, ndipo inu…"

"Kansanza kako," anatero Kalipentala, akumupatsa.

"Musanditenge ngati wakuba. Malemuwa ndi achemwali anga, bere limodzi. Ndimafuna kukupeputsani katundu."

"Wandipeputsa. Pita bwino."

Munthu wa magalasi anali atayamba kale kubwerera kugeti, foni ili kukhutu. Mlamu anaima pang'ono, akufuna mawu ena, koma Kalipentala anali atamupatsa nsana. Geti inalira, n'kutsekeka.

Mzime anatsika pakhonde ndi chikwama chija. Anachiika pansi pafupi ndi tayala.

"Nthawi yake inakwana mwezi watha," anatero. "Ali m'chipatala anandikumbutsa kawiri. Za oyilo, bambo. Munthu ali pa okosijeni." Anayang'ana bambo ake. "Koma buku lija likuti sasinthidwa."

"Ndikudziwa zomwe likunena."

Kalipentala anatulutsa kachubu n'kuyamba kukawongola ndi zala zake zokhakhala. Mzime anamugwira dzanja.

"Si choncho. Wozizira satuluka, ndi wolimba. Ankayamba aizunguliritsa kaye galimotoyi, mpaka kumsika n'kubwerako, kuti atenthe."

Kalipentala anayang'ana mwana wake. Mzime anatambasula dzanja kuti alandire kiyi, koma kiyiyo sanabwere.

"Bambo, bondo."

"Ilibe kilatchi."

"Mukaigunditsa pageti ndikuimbira amalume."

"Tsegula geti."

Mzime anaima kaye, kenako anapita kukatsegula, mbali zonse ziwiri, n'kuika mwala kuti chitseko chisabwerere. Kalipentala anatseka boneti. Analowa kumbali ya dalaivala, akukweza mwendo woumawo ndi manja. Mawondo anagunda pansi pa chiwongolero, chifukwa mpando unali pomwe mkazi wake ankaufikira. Anagwira kachitsulo ka pansi pa mpandowo n'kuukankhira kumbuyo dzino limodzi lokha. Kenako analiza injini, n'kutuluka nayo chafutambuyo kupita kumsika.